Mipando ya Mapazi a Mkango ku Kangemi

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma nainte, kuno kwathu anthu akunong'onezana za matipate, inu musanabadwe ndipo amayi anu ena akadali kusewera fulaye pabwalo la sukulu, ine Kachingwe ndinali nditakhazikika kale mu Nairobi, ndipo mzinda wonse unkandidziwa. Musaseke, inu a jekete yofiira, khalani pansi, foni yanuyo sidzaza msanga, magetsi a pagolosale pano ndi aulesi. Ndikuti mzinda wonse. Makondakitala a matatu, amene ndi maminibasi akumeneko, akandiona ndikubwera ankatsitsa munthu kumpando wakutsogolo kuti pakhale Mzee Malawi, poti ndilo dzina limene anandipatsa.

Ndinapita kumeneko ndi bwana wanga, mzungu wa mishoni amene ndinkamuphikira ku Blantyre. Atamusamutsira ku Kenya ananena kuti iye sangamwe supu wa munthu wina, ndipo mkazi wake analira mpaka ine ndinamva chisoni n'kuvomera. Sukulu sindinapondeko ine, ngakhale pakhomo pake, koma buledi wanga ankamutumiza pandege. Mayi akunyumba, a Nangozo, anatsala kuno ku Ntcheu ndi ana ndi munda, titagwirizana kuti ndikakhalako kanthawi kochepa. Mzungu uja anadzabwerera kwawo, ine n'kutsala ndikuphika pa nyumba ya alendo ya tchalitchi, ndipo kanthawi kochepa kaja kanakula mpaka kanandimeretsa imvi. Kumudzi ndinkabwerako mwa apo ndi apo, poti ulendo wa pabasi wodzera ku Tanzania unkathyola msana.

Ndinkakhala ku Kangemi, m'mbali mwa msewu waukulu wa Waiyaki, m'nyumba ya zipinda ziwiri pa mdadada wa zitseko zambirimbiri zoyang'ana bwalo limodzi. Anthu ponseponse, phokoso mpaka m'makutu kuwawa, koma wokuuza kuti odi m'chinenero chako, palibe. Inu simungazimve, mumati mukasowa wocheza naye mumatsina kagalasi ka foni. Nthawi imeneyo munthu ukasowa anthu unkasowadi, ndipo Lamulungu masana linkatalika ngati msewu wa ku Karonga.

Amalawi analipo mu Nairobi, osati ochepa. Ena a m'mabungwe othandiza anthu, ena a m'matchalitchi, ena ana a sukulu zapamwamba. Tinkakumana potuluka m'mapemphero, kugwirana chanza, mwadzuka bwanji, kumudzi mwamvako zotani, kenako aliyense kulowa m'galimoto yake kubwerera ku Hurlingham kunyumba zosanjikizana. Wamkulu wathu anali a Mbewe, bambo wamimba yake, ogwira ntchito ku bungwe lina la zamadzi, ndipo mawu awo otsanzikira sankasintha: "Tibwera tidzakuoneni, bambo Kachingwe."

Tsiku lina ndinawapanikiza. Ndinati, "Mubwera liti? Kangemi si ku Joni."

Mayi Mbewe, mkazi wawo, amene pakamwa pawo panalibe chitseko, anaseka n'kuti, "Nanga tikabwera tikakhala pati? Ndamva kuti muli ndi bedi ndi chigubu cha madzi basi. Ine ndi thupi langali chigubu chingaphulike."

Onse anaseka, nanenso ndinaseka kuposa onse, koma m'matatu pobwerera ndinayamba kuwaganizira mawu aja. Zinali zoona. Kwathu kuno mlendo sumuimika, umayamba wamupatsa pokhala ndiye kenako moni. Ndinati ohoo, vuto ndi limeneli, ndiye ndiwagulira mipando yoti akakhalapo sadzafunanso kudzuka.

Kuseri kwa mashopu a ku Hurlingham kunali kashopu koyendetsedwa ndi madona okalamba a tchalitchi, kumene azungu obwerera kwawo, kapena ana a azungu omwalira, ankasiyako katundu wosafuna kunyamula. Tingoti kaunjika wa azungu, koma wa mipando, mbale ndi mawotchi akufa. Anthu a mu Nairobi ankadutsa osayang'anako, iwo ankafuna masofa atsopano onenepa aja a maluwa. M'kona mwa shopuyo, pansi pa mulu wa makatani, ndinaona phazi. Phazi la mkango, ana inu, zala zake zonse ndi zikhadabo zomwe, litagwira mpira. Nditachotsa makatani ndinapeza mpando wamtengo wakuda ngati mbawa yakale, msana wake wosemedwa masamba ndi mphesa, nsalu yake veleveti yofiira yokhomedwa mabatani olowa m'kati ngati michombo ya ana.

Dona wa m'shopumo, wowonda ngati bango, anandiuza kuti mpando umenewo unapangidwa ku Mangalande nthawi ya mfumukazi yakalekale ija inkavala zakuda zokhazokha, ndipo unabwera pa sitima yapamadzi, kenako pa njanji, Nairobi akadali dambo la achule. Iye anangonena zimenezo, koma ine poyang'ana mmene unafwifwira pakati ndinadziwa kuti mfumukaziyo inakhalapo yokha, ndipo inali munthu wolemera thupi. Ndinati, "Bei gani, mama?" Anatchula mtengo, ine n'kugwira pamtima n'kudzandira ngati ndikomoka. Anatsitsa. Ndinayamba kumuimbira nyimbo ya maliro. Anatsitsanso. Pomaliza anatsala pang'ono kundilipira kuti ndichoke.

Umenewo unali woyamba. Matenda ake ndi oti ukagula umodzi, maso amatseguka. Loweruka lililonse ndinkazungulira mashopu otere, ku Westlands, ku Karen, m'misika ya kumbuyo kumene katundu wa azungu ankathera, ndipo ndinafika poti mtengo wakale ndinkaumva fungo ndili tsidya lina la msewu. Mipando ya lero mukaing'amba mupeza thonje labodza ndi makatoni, koma ija m'kati mwake munali ubweya wa kumchira kwa kavalo, ndipo misomali munalibe, matabwa ankangogwirana okha ngati zala. Ndinapeza mipando ya patebulo ya misana yozungulira ngati chibaluni. Ndinapeza tebulo la mwala woyera pamwamba, lozizira moti ukaikapo mkaka m'mawa umapeza wagwira madzi oundana. Ndinapeza mpando wautali wa mkono umodzi, umene anandiuza kuti madona akale ankakomokerapo akamva nkhani yoipa, poti azungu amakomoka mwadongosolo, amayamba ayang'ana kaye pogwera. Tizilombo toboola mitengo ndinkatithira palafini ndi nthenga ya nkhuku, bowo lililonse palokha, ndipo ndikatha ndinkapaka phula la njuchi mpaka ntchentche ikatera inkaterereka n'kuthyoka mwendo.

Koma mfumu ya zonse inali kabati. Ndinaipeza kutali, ku Athi River kumafakitale, m'shedi ya Mmwenye wina wogula katundu wa m'nyumba zakale. Kutalika kwake, mwana akakwera pamwamba ankaona Kilimanjaro. Inali ndi kalilole pakati, nsanamira zopota m'mbali, ndi madilowa oti ena sindinawatsegule mpaka lero. Ndinaisenza pamutu kuchokera ku Athi River mpaka ku Kangemi, magalimoto akuima, apolisi akuchita sawasha. Mukuti bwanji, inu akumapetoko? Chabwino, ngolo yokoka ndi manja ija amati mkokoteni inathandizako pokwera zitunda, ndi kalole kena pakati apo, koma mutu unali wanga. Kuti ilowe m'nyumba tinachita kuzula chitseko ndi felemu yake.

M'nyumba munadzaza moti ndinkayenda cham'mbali ngati nkhanu. Pakhomo loyandikana ndi langa pankakhala Mama Njeri, mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi sukuma, ndiwo zamasamba zakumeneko, munthu wa mawu okuluwika ngati ine ndemwe. Ankasuzumira pakhomo n'kuti, "Mzee, tchalitchi chanuchi mutsegula liti? Ndikufuna ndikhale wa kwaya."

Tsiku lina analowa ndi dengu lake n'kulunjika pa mpando wa mfumukazi. Ndinamutchingira. Ndinati, "Pepani mama, imeneyi ndi ya alendo."

"Ine si mlendo?"

"Inu ndinu neba. Iyi ikudikira anthu akwathu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Haya. Akafika mundiitane ndidzawaone, mwina ali ndi matako agolide."

Lamulungu lililonse ndinkaitana. Ndinkati, "A Mbewe, mipando ija ilipo tsopano, ya mapazi a mkango, mayi akhoza kubwera ndi thupi lawo lonse." Iwo n'kuseka, "Bambo Kachingwe inu ndi nkhani zanu. Tibwera ndithu." Ine ndinkathamangira kunyumba, kupukuta fumbi, kuphika masikono, kutereka tiyi, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Ndinkamva mapazi pabwalo, n'kukonza kolala, mapaziwo n'kupitirira. Dzuwa likamapendeka ndinkayamba kukhala pa mipandoyo ndekha, uwu pang'ono, uwo pang'ono, kuti pasakhale wodandaula kuti wasalidwa, ndipo masikono ndinkadya ndekha mpaka Lachitatu. Atabwera mafoni a m'manja, m'zaka za m'ma thu sauzande, zinthu zinaipiratu, poti anayamba kunena kuti munthu usanapite kwa mnzako uziyamba waimba. Kwathu kuno kale unkangotulukira, ukapeza eni ake ali kumunda unkakhala pakhonde n'kumasenda nawo nandolo akabwera.

Ndiye tsiku lina pakati pa sabata, masana dzuwa lili pamutu, ine ndili pa ofu, ndinamva mawu pakhomo. "Odi kuno."

Ana inu, mtima unagunda mpaka kalilole wa kabati ananjenjemera. Anali a Mbewe, okha, atavala jekete yakuda, nsapato zili matope a Kangemi. Ndinati lowani, lowani, ndipo pakamwa panga panatseguka ngati mpopi. Ndinawaonetsa tebulo la mwala, ndinawaonetsa mpando wokomokerapo, ndinawakokera wa mfumukazi n'kuupukuta ndi malaya anga, ndikufotokoza za sitima yapamadzi ndi ubweya wa kavalo. Iwo anavula chipewa, anayang'ana mpandowo, ndipo bambo wamkulu uja, wa mimba yake ndi galimoto yake, anapinda maondo n'kukhala pansi pa simenti, pakati pa miyendo ya mipando.

Ndinasiya kupukuta mpando uja. Munthu wakwathu akakana mpando n'kukhala pansi chipewa chili m'manja, sufunsanso kuti kwagwanji, umangofunsa kuti ndani.

Anati, "Bambo Kachingwe, kumudzi kwaipa. Foni yafikira ku ofesi kwathu. Mayi a kunyumba atisiya."

A Nangozo anadwala masiku ochepa chabe. Uthenga unachedwa m'njira, kuchoka kumudzi kufika pa boma pamene panali foni, ndipo pamene unkandipeza ine, adzukulu anali atakwirira kale. Kunyamuka kunalibenso phindu la changu. A Mbewe anati, "Loweruka tibwera tonse, tidzakhale nanu." Ndipo ulendo uno anabweradi.

Anabwera ambiri moti matatu a ku Kangemi anasowa poima. Amayi aja ndinkawaona ndi mawigi ndi nsapato zazitali anafika atamanga zitenje ndi mipango kumutu ngati akuchokera ku Bilila. Mayi Mbewe anaima pakhomo, anayang'ana m'nyumba, ndipo sanaseke, sanayamikire, anangotembenukira kwa azibambo n'kuti, "Tulutsani zonsezi."

Mukudziwa inu mwambo wake. M'nyumba ya siwa simukhala mipando. Katundu amatuluka, pansi n'kuyala mphasa, amayi m'kati, abambo panja. Ndiye azibambo anavula majekete n'kuyamba kutulutsa, wa mfumukazi, wokomokerapo, tebulo la mwala, ndipo pofika pa kabati anazulanso chitseko, anaigwira mbali zonse akubuula, n'kukaiimika pakati pa bwalo, kalilole wake akuyang'ana kumwamba kwa Kangemi.

Koma ku Nairobi katundu akakhala panja tanthauzo lake ndi lina, ndiye kuti mwini nyumba wakuthamangitsa. Mama Njeri anatulukira ndi mpini m'manja akukalipa m'Chiswahili ndi m'Chikikuyu nthawi imodzi: "Musiyeni mkuluyu, agalu inu, sanalakwire munthu." A Mbewe anachita kubisala kuseri kwa kabati. Atamufotokozera kuti ndi maliro, anaponya mpini pansi, anakatenga nsalu kwake n'kudzimanga m'chiuno, analowa n'kukhala pamphasa pakati pa amayi achimalawi, ndipo nyimbo zathu ankangozitsatira ndi mphuno.

Ine anandikhazika pamphasa pafupi ndi khomo lopanda chitseko lija. Kuchokera pamenepo ndinkaona bwalo lonse. Mpando uliwonse unali ndi munthu wakwathu. A Mbewe pa wa mfumukazi, abusa ena a ku Nkhoma pa wokomokerapo, ena atatsamira kabati, Chichewa chili wowowo pabwalo la Kangemi ngati pa msika wa Tsangano. Chimene ndinadikira zaka zonse zija chinali pamaso panga, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pansi kuti aone mapazi a mkango. Ndinafuna kuwauza. Ine amene ndikhoza kulankhula kuchokera pano mpaka pa Dedza osameza malovu, ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi dzina la mkazi wanga.

Anaimba, analalikira, anandigwira m'manja mmodzimmodzi. Koma dzuwa litayamba kufiira, ndinaona anthu akuyang'ana mawotchi. Ku Kangemi mlendo wa galimoto safuna kuti mdima umupeze, ndipo ena anali ndi ana kunyumba, ena ndege ya m'mawa. Ananyamuka onse pamodzi ngati mbalame pamunda wa mapira. Chitseko anachiimika n'kuchikhoma mothamanga kuti ndigone motseka. "Limbani mtima, bambo Kachingwe." Bwalo linatsala ndi ine, Mama Njeri ndi mipando.

Sindikuti anali anthu oipa, ayi. Kwathu kuno wopepesa sabweza katundu m'nyumba tsiku lomwelo. Imeneyo ndi ntchito ya mawa lake kapena mkuja, posesa, pamene abale ndi a pamudzi amabweranso, kukolopa, kulowetsa zinthu, kukhala nawe pang'ono kuti nyumba isakulume. Aliyense wa iwo ananyamuka akudziwa mumtima kuti abale adzalowetsa. Anangoiwala kuti ku Kangemi abale anga anali iwo omwewo.

Mipando ing'onoing'ono ndinalowetsa ndi Mama Njeri. Kabati ndi mpando wautali uja zinatsala. Musandiyang'ane choncho, mphamvu ndinali nazo, ndi ine ndemwe wa ku Athi River uja, koma tsiku limenelo kabatiyo inalemera mwa mtundu wina. Mama Njeri anati, "Mawa ndiitana amuna a mkokoteni, azula chitseko, alowetsa, nkhani yatha."

Ndinakana. Ndinati, "Ayi mama, si ntchito ya aganyu imeneyi. Abwera anthu akwathu kudzasesa. Ndi mwambo wathu."

"Anakuuzani kuti abwera?"

"Sachita kunena. Zimadziwika."

Anapukusa mutu n'kukatenga pepala la pulasitiki lofunditsira tomato wake, tinaphimba pamwamba n'kutsamiza miyala. Unali mwezi wa Epulo, nthawi ya mvula yaikulu kumeneko, mvula yoti dontho lake limodzi limadzaza kapu. Inayamba Lamulungu m'mawa. Kutchalitchi sindinapite, poti namfedwa sayenda, amadikira pakhomo. Ndinakhala pamphasa chitseko chili chotsegula, ndikuyang'ana kabati ikunyowa, ndikumvetsera mapazi. Lolemba chimodzimodzi. Mama Njeri ankabwera ndi tiyi n'kuti, "Mzee, ndiitane anthu aja?" Ine n'kuti dikirani, mwina agwidwa ndi ntchito, abwera madzulo. Ndinkadziwa kuti ndikangoilowetsa ndi aganyu, ndiye kuti ndavomera kuti sabwera.

Mphepo inachotsa pulasitiki. Khungu lokongola la kabati lija, limene ndinkalipaka phula, linayamba kutukuka n'kusendeka ngati khungwa la bulugamu, madilowa anatupa osatsegukanso, kalilole anachita mawanga akuda kumbuyo. Mpando wokomokerapo unamwa madzi mpaka ubweya wa kavalo unayamba kununkha ngati galu wonyowa, ndipo nkhuku za pabwalo zinaupeza pabwino. Zinthu zimene zinawoloka nyanja, zinapirira njanji ndi chiswe cha zaka zosawerengeka, zinathera pabwalo la Kangemi zikudikira Amalawi.

Sabata itatha ndinamuitana Mama Njeri ndekha. Ndinati, "Itengeni kabatiyi, muziyalapo tomato." Anaikokera kumsewu ndi amuna a mkokoteni aja, ndipo ndikuuzani, panalibe tomato mu Kenya monse wogulitsidwa pa nsanamira zopota ngati ameneyo, anthu ankachokera ku Mombasa kudzagula. Madzulo ake anabwera kudzathokoza, ndipo ndinamukokera mpando wa mfumukazi. Anati, "Si wa alendo uwu?" Ndinati khalani. Anakhala mosamala, dengu lili pamiyendo, n'kuti, "Ndi wolimba ngati benchi ya kuchipatala. Zaka zonsezi mumandimana chimenechi?"

Nditabwerera kutchalitchi, a Mbewe anandigwira dzanja ndi manja awiri, maso awo ali ndi chisoni chenicheni, n'kufunsa ngati ndalimbako. Za kabati sanafunse, ndipo ine sindinanene. Sankadziwa, ndipo ndikhulupirira kuti mpaka lero sadziwa. Sipanapite nthawi yaitali ndinamanga katundu wanga wa m'chikwama n'kubwera kuno kudzaona manda. Mipando yotsala ndinaigawa pa mdadada uja, khomo lililonse umodzi.

Tsono inu mukukula, ndipo ena mwa inu mudzapita kunja, ku Joni, ku Nairobi komweko, kapena kungoti ku Lilongwe kumene anthu amakhala m'mipanda. Kumeneko mnzanu akadzaferedwa mudzapita, ndikudziwa, Mmalawi pa maliro salephera, mudzaimba bwino ndipo mudzatulutsa mipando mwaulemu. Ine pempho langa ndi laling'ono. Mawa lake mudzabwerereko. Musadzayambe mwaimba foni kufunsa ngati pali chofunika, poti adzakuuzani kuti zonse zili bwino, ndi mmene timayankhira. Mudzangopita, mudzati odi, ndipo mukadzapeza kabati ili panja, mudzavule jekete n'kugwira mbali imodzi.